Kodi kuchuluka kwa mfundo za ulusi ndiko kumasonyeza ubwino wa kapeti yoluka pamanja?

Wofunsa: Akuluakulu, wogulitsa wina wandiuza kuti kapeti ya ku Iran imaposa ya ku Turkey chifukwa mfundo zake n'zothinana. Kodi zimenezi n'zoona?

Yankho loyamba: Si nthawi zonse. Mfundo ya Ghiordes, yotchuka ku Turkey, imazungulira mofanana ulusi uwiri woimirira, pamene ya Senneh, yotchuka ku Iran, imazungulira umodzi n'kungodutsa pansi pa winawo, motero imalola woluka kupanga maluwa ang'onoang'ono okhotakhota. Komabe oluka ambiri a ku Tabriz, mzinda wa ku Iran komweko, amamanga ya Ghiordes.

Yankho lachiwiri: Ndikuvomereza, bambo. Kapeti ya Pazyryk, yomwe inapezeka m'manda ozizira ku Siberia mu 1949, ili ndi mfundo zamtundu wa Ghiordes pafupifupi 36 pa sikweya sentimita, ngakhale inalukidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Chimene ine ndimaopa ndi mfundo ya jufti, yomangidwa pa ulusi unayi pofuna kufulumira, chifukwa kapeti yotere imaperepeseka msanga.

Yankho lachitatu: Itembenuzeni, muwerenge mfundo kumbuyo kwake, kenako mukhudze ubweyawo kuti mumve ngati uli wofewa kapena wouma.