Gulu la "Kwathu kwa Agogo": Ulendo wa holide ya Ogasiti

Malume a ku Area 25: Odi nonse. Za ulendo wa ana zija timalize lero. Ine maganizo anga ndi Zambia, Zimbabwe, kenako Zanzibar.

Mayi a Tadala: Achimwene, Zanzibar ndi ndalama ziti? Madola mukawapeza kuti? Kubanki mukudziwa mmene zilili.

Malume a ku Area 25: Ana akaone pomwe panali msika wa akapolo, unatsekedwa mu 1873. Anthu a Jumbe ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo panyanja kupita nawo kugombe komweko. Ndi mbiri yathu imeneyi.

Azakhali a ku Kawale: Zoona, koma kuchoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam pa sitima ya TAZARA ndi makilomita 1,860, mausiku awiri ngati sinachedwe. Mphatso ali ndi zaka 6. Adzalira mpaka tonse tidzatsike panjira. Imeneyo tisungire chaka china.

Bambo a Tadala: Ndagwirizana ndi alamu. Chachikulu ndi Kulamba, mwambo wa Achewa. Imachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ndipo tsikulo sitingalisunthe. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala. Ndiye tiyambire kutali, Katete tidzamalizire pobwerera, ana asadzalowe m'kalasi akusinza.

Chikondi: Agogo atumiza voice, ndikulemberani. Akuti adzukulu awo amayankhula Chichewa koma sadziwa kuti Kalonga Gawa Undi ndani. Akufuna akaone mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akulamba pamaso pa Kalonga, mfumu yaikulu ya Achewa, akaonenso gule wamkulu pabwalo, asamangomuonera pa foni. Akutinso iwo sakutsala.

Mayi a Tadala: Amayi apirira pamsewu? Chipata kufika Lusaka ndi tsiku lathunthu, Lusaka kufika Livingstone maola enanso 7 kapena kuposa.

Chikondi: Akuti za mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) alibe nazo ntchito, madzi anawaona kale ku Salima 😂 Adzatipeza ku Chipata.

Azakhali a ku Kawale: Basi zatheka. Wina adzawaperekeze mpaka pachipata cha Mwami. Tsono ku Livingstone tikagone masiku atatu. Tsiku loyamba museum, kuli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene anafika pa mathithiwo mu 1855. Zimenezi kusukulu amaphunzira. Lachiwiri Mosi-oa-Tunya. Lachitatu tiwoloke wapansi pa mlatho wa pa Zambezi wa 1905 uja tilowe Zimbabwe, chifukwa nyengo imeneyo madzi amayamba kuchepa mbali ya Zambia, mbali inayo ndiye amaoneka bwino. Ana asanyamule chakudya m'manja, anyani akumeneko alibe ulemu.

Malume a ku Area 25: Chabwino, ndagonja. Tikwera basi kapena tichite hayala kosita?

Bambo a Tadala: Tilipo 14. Kosita ndi yabwino, timaima pomwe mwana wafuna kutaya madzi. Koma mwini wake akhale ndi mapepala otulutsira galimoto ndi inshuwalansi ya COMESA, apo ayi tikagona pachipata. Ndifunsa mitengo mawa.

Mayi a Tadala: Viza sitifunika konse kuwiri, koma mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake. Amene alibe apite ku Immigration sabata ino, osadikira Julayi. Achimwene, Yamikani akuyenda popanda mayi ake, mutenge kalata yosainira yololeza ndi chiphaso chake chobadwira.

Malume a ku Area 25: Ndamva asisi. Zosonkha bwanji?

Azakhali a ku Kawale: Kumapeto kwa mwezi uliwonse pa nambala yanga, Airtel Money kapena Mpamba, ndizilemba pano. Amene anazemba pa chinkhoswe cha Chikondi ndikuwadziwa.

Chikondi: Agogo akufunsa ngati nsalu ya Kulamba tigula yofanana tonse.

Mayi a Tadala: Tikagula ku Chipata. Auzeni asadandaule, yawo ndilipira ine.