Chikho cha chigoba cha nautilus: n'chakaledi kapena n'chotsanzira?

Wogulitsa zakale: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kasitomala wandibweretsera chikho cha chigoba cha nkhono ya m'nyanja ya mchere, ija amati nautilus, chokhazikidwa pa tsinde la siliva wokutidwa ndi golide. Khungu lakunja la chigobacho adalichotsa, chikungonyezimira ngati ngale. Mwiniwake akuumirira kuti n'cha m'ma 1600 ndipo akufuna mtengo wake sabata yomwe ino. Kunsi kwa tsinde kuli chidindo chonga chibalobalo cha mtengo wa paini, ndipo m'kati mwa chigoba muli ufa woyera. Ndiyambire pati?

Wosula siliva: Chidindo chimenecho n'cha Augsburg, monga chilembo N chili cha Nuremberg, ndipo mizinda iwiriyi ya ku Germany inkatchukadi ndi zikho zotere. Koma musafulumire kukondwa achimwene. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amisiri a mumzinda wa Hanau, ku Germany komweko, ankapanga zikho za kalembedwe kakale n'kumadindapo zidindo zotsanzira. Ine chidindo pachokha sindichikhulupirira. Masulani tsindelo muone sikuluu yake. Yodulidwa pamanja mizere yake imasiyanasiyana, ya makina imangoti ndendende. Onaninso timalamba tasiliva togwira chigobacho. Ngati sitikugona bwino pa chigoba, kapena pena padapindidwa mokakamiza, ndiye kuti chigoba choyamba chidasweka, wina n'kuikapo china. Zikatero mtengo umatsika kwambiri ngakhale siliva atakhala wakaledi.

Wokonza zosweka: Ine wandidetsa nkhawa ndi ufawo. Akhoza kukhala matenda a Byne, otchedwa ndi dzina la munthu amene adawafotokoza mu 1899. Si tizilombo ayi. Matabwa ena, makamaka a oak, amatulutsa mpweya wa asidi, ndipo pakakhala chinyontho asidiyo amadya laimu wa m'chigoba n'kusiya mchere woyerawo. Funsani mwiniwake komwe ankachisunga. Chonde musayese kutsuka ndi viniga, mungomalizitsa chigobacho. Kaburashi kofewa kokha, kenako muchisunge pouma. Muchiunikenso mumdima ndi tochi ya UV, guluu wa pokonzedwa nthawi zambiri amawala mosiyana ndi chigoba.

Wa okushoni: Ndiwonjezerepo za malamulo, poti ambiri timazikumbuka katundu atagwidwa kale pa malire. Pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) ku Johannesburg mu 2016, mitundu yonse ya nautilus idalowa mu Appendix II, mndandanda wa zamoyo zomwe malonda ake amayang'aniridwa, ndipo izi zidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Kugulitsa sikudaletsedwe, koma kutumiza kunja kumafuna zikalata, ngakhale chinthucho chikhale chakale chotani. Wogula wa kunja amayamba wafunsa zimenezi asanafunse mtengo.

Wogulitsa zakale: Zikomo nonse. Ndamasula. Sikuluu ndi ya makina, ndipo m'kati mwa mkombero wa tsinde ndapezamo tizidindo tina tomwe ndidatiphonya: kamwezi, chisoti chachifumu ndi nambala 800, yosonyeza kuti magawo 800 pa 1000 ndi siliva. Timalamba tikugona bwinobwino. UV yaonetsa mng'alu umodzi womatidwa pafupi ndi kamwa. Ndipo inde mayi okonza zosweka, akuti chinkakhala m'kabati ya oak zaka zonsezi.

Wosula siliva: Basi, nkhani yatha. Kamwezi ndi chisoti ndi zidindo za dziko la Germany kuyambira 1888, ndiye za 1600 zija aiwale. Komatu musachinyoze. Ntchito ya ku Hanau ili ndi oifuna ake, ndipo chigoba chikakhala chake chenicheni n'chinthu chabwino ndithu.

Wa okushoni: Pa lipoti mulembe kuti n'cha ku Germany, cha 1888 kapena pambuyo pake, chotsanzira zikho za m'ma 1600, siliva wa 800, chigoba chomatidwa malo amodzi komanso chodyeka pang'ono ndi asidi. Mtengo muutenge pa zikho za mtundu womwewu zomwe zidagulidwadi pa okushoni posachedwapa, osati mitengo yomwe ogulitsa amangoitanira. Mwiniwake akakuonetsani zithunzi za zikho za ku Grünes Gewölbe, nyumba yosungiramo chuma chakale ku Dresden, mum'patse galasi lokulitsira aone yekha kamweziko.