Kodi migodi ya ku Erongo, m'chipululu cha Namib, imapeza kuti madzi?

Nabanda wa ku Zomba

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo pokonzekera phunziro la migodi ndinapeza kuti uranium wa ku mgodi wa Kayelekera, ku Karonga, ankapita kunja kudzera pa doko la Walvis Bay, m'chigawo cha Erongo ku Namibia, kumenenso kuli migodi ikuluikulu ya mwala womwewu. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti chigawochi chili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic koma ndi chipululu. Kodi zimatheka bwanji kuti mvula isowe pamalo amene madzi ali pafupi chonchi, nanga migodi imene imafuna madzi ambiri imawapeza kuti? Ndikufuna ndikawafotokozere ana anga zomveka.

Mbewe wa ku Ndola

Aphunzitsi, chimene chimaumitsa dera limeneli ndi nyanja yomweyo. Madzi a m'mbali mwa Namibia ndi ozizira kwambiri chifukwa cha mafunde otchedwa Benguela amene amachokera kummwera, ndipo mpweya umene wazizira pamwamba pa madziwo sukwera m'mwamba kuti upange mitambo ya mvula. M'malo mwake mumakhala nkhungu yokhuthala imene imalowa kumtunda m'mamawa, moti ku Swakopmund, kumene kuli likulu la chigawochi, mvula ya chaka chonse nthawi zambiri sifika mamilimita 20. Mitsinje ya Swakop, Kuiseb ndi Omaruru imakhala mchenga wokhawokha pafupifupi chaka chonse, koma pansi pa mchengawo pali madzi, ndipo kwa zaka zambiri matauni ndi mgodi wa Rössing, umene unatsegulidwa mu 1976, ankadalira zitsime zokumbidwa mu Kuiseb ndi mu Omaruru. Migodi itachuluka, zitsimezo zinayamba kuperewera. Mu 2010 kampani ya ku France ya Areva, imene lero imatchedwa Orano, inatsegula fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja pafupi ndi Wlotzkasbaken, yotha kutulutsa ma cubic metre 20 miliyoni pachaka. Anaimangira mgodi wawo wa Trekkopje, koma mgodiwo unaimitsidwa usanafike poyenda bwino, choncho madziwo tsopano amagulitsidwa ku migodi ina ndi kumatauni. Madzi otere ndi okwera mtengo chifukwa amadya magetsi ambiri.

Wamathiraki

Mayi, ine ndayenda msewu wopita ku Walvis Bay zaka zingapo nditanyamula mkuwa kuchokera ku Copperbelt, kudutsa pa mlatho wa Katima Mulilo. Mukangodutsa Usakos mitengo imayamba kutha, ndipo pofika pa mphambano ya ku Arandis mumangoona miyala ndi paipi yaikulu ya madzi imene imatsata msewu, ikukankha madzi kuchokera kunyanja kupita kumtunda. Tsiku lina thiraki yanga inatentha injini chakumasana pamalo amenewa, ndipo madzi amene ndinali nawo anali chigubu chimodzi chokha. Ndinayenera kusankha pakati pa kumwa ndi kuthira mu injini, mpaka mnzanga wina anaima n'kundigawira. Madzulo a tsiku lomwelo ndinalowa mu Swakopmund nditavala jekete, magetsi a galimoto ali oyaka chifukwa cha nkhungu. Pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay, kumanzere mumaona mapiri a mchenga, kumanja nyanja, ndipo mphepo imakankhira mchenga pa phula. Muwauzenso anawo kuti anthu a kumeneko sadalira migodi yokha, chifukwa ku Walvis Bay kuli mafakitale a nsomba, madamu oumitsira mchere ndiponso doko limene linakulitsidwa mu 2019.

Nankhoma wa ku Windhoek

Ndikuthokoza bambo Mbewe ndi bambo wamathiraki, koma ndikupempha kuti mbiri ya chigawochi isasiyidwe, pakuti ndiyo imene imafotokoza chifukwa chake pali matauni awiri oyandikana m'chipululu chopanda madzi. Britain inalanda Walvis Bay mu 1878, ndipo Ajeremani atatenga dziko lonselo anapeza kuti doko labwino lili kale m'manja mwa ena, n'chifukwa chake anakhazikitsa Swakopmund mu 1892 ngakhale kuti malowo sanali oyenera kukochezapo sitima. Ku Swakopmund komweko kunali umodzi mwa misasa imene anthu ambiri a mtundu wa Aherero anafera pa nthawi ya nkhondo yawo ndi Ajeremani ya 1904 mpaka 1908. Namibia italandira ufulu mu 1990, South Africa inapitirizabe kulamulira Walvis Bay mpaka mu 1994. Ngakhale mgodi wa Rössing unayamba ntchito pamene bungwe la United Nations loona za Namibia linali litaletsa kale, mu 1974, kukumba chuma cha dzikolo popanda chilolezo chake.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mmene miyoyo ya anthu imatsatira mtengo wa uranium. Ngozi ya pamalo opangira magetsi pogwiritsa ntchito uranium ku Fukushima, ku Japan, itachitika mu 2011 mtengowo unagwa, ndipo kampani ya Paladin inaimitsa Kayelekera mu 2014, kenako inaimitsanso mgodi wake wa Langer Heinrich ku Erongo mu 2018. Langer Heinrich unayambiranso mu 2024 mtengo utakwera. Migodi iwiri yaikulu, Husab ndi Rössing, tsopano ili m'manja mwa makampani a ku China, ndipo Namibia ili m'gulu la mayiko atatu otsogola potulutsa uranium padziko lonse. Komabe ku Arandis, tauni imene inamangidwira antchito a Rössing, anthu amadziwa bwino kuti mgodi ukachepetsa antchito masitolo nawonso amatsekedwa. Anthu a mtundu wa Topnaar, amene akhala m'mbali mwa Kuiseb kwa zaka mazana ambiri akuweta mbuzi ndi kukolola chipatso cha !nara, amadalira madzi a pansi pa mchenga omwewo amene amapopedwa kupita ku Walvis Bay.

Nabanda wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse, ndapindula. Mayi Nankhoma, ndikupempha mundifotokozere zambiri za a Topnaar ndi zitsime zawo, chifukwa m'kalasi mwanga muli ana awiri ochokera ku Karonga amene ndikudziwa kuti adzandifunsa za madzi a mtsinje wa Sere, umene uli pafupi ndi mgodi wa Kayelekera.