Udokotala wa physiotherapy: ndiyambire pati?

Wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi digiri yoyamba ya physiotherapy (kuchiza polimbitsa ziwalo za thupi) ya ku UZ (University of Zimbabwe), ndipo odwala anga ambiri ndi a sitiroko. Ndikufuna kupitiriza sukulu mpaka digiri ya udokotala (doctorate) kuti ndidzaphunzitse. Ndatsegula fomu ya PTCAS, yofunsira malo m'masukulu a physiotherapy a ku America, koma ikufunsa maola amene ndinakhala ndikuonerera physiotherapist akugwira ntchito. Ine amene ndimaimiritsa odwala pa parallel bars (zitsulo zogwirira pophunzira kuyenda) tsiku lililonse, ndikaonererenso ndani?

Achimwene a ku Highfield:
Achemwali, fomu imeneyo si yanu ayi. PTCAS ndi ya ofuna DPT (Doctor of Physical Therapy), ndipo ku America DPT ndi digiri yolowera ntchito, ya zaka pafupifupi 3. Mukangobwereza anatomy yomwe munakhoza kale, ndalama zake zosanena. Ya anthu amene ali kale pantchito ndi transitional DPT, koma nayonso si ya kafukufuku. Mukanakhala kuti mukufuna kukagwira ntchito kumeneko, ndikanati yambani ndi FCCPT, bungwe lounika mapepala a ophunzira kunja kwa America, akaunike mapepala anu, kenako mayeso a NPTE opezera chilolezo chogwira ntchito.

Wa ku Mufakose:
Ayi achimwene, kusamuka sindikufuna. Mtima wanga uli pophunzitsa ndi kafukufuku.

Mayi a ku Hatfield:
Ndiye mwanangu, chimene ukufuna ndi PhD, udokotala wa kafukufuku, kapena DPhil monga amatchulira pa UZ. Koma sungalumphe masters. Pa UZ pomwepa pali MPhil, masters ya kafukufuku, ndipo mayunivesite a ku Joni a Wits, UCT ndi Stellenbosch ali ndi masters komanso PhD ya physiotherapy. Ukasankha ku Joni, digiri yako iyambe yadutsa ku SAQA, bungwe la kumeneko lounika mapepala a maphunziro, ndiye usadikire mwezi wotseka mafomu.

Tsono chimene achinyamata mumachipeputsa n'ichi: fomu imabwera pambuyo, supervisor, mphunzitsi wodzakutsogolera pa kafukufuku, ndiye woyamba. Werenga zimene munthuyo wasindikiza, umulembere kalata yaifupi, uphatikize masamba awiri ofotokoza funso lako. Ndipo funsolo lichepe. Ukalemba kuti "sitiroko mu Zimbabwe", sakuyankha. Koma ukati ukufuna kudziwa chifukwa chake odwala amasiya kubwera akangotulutsidwa m'chipatala, kaya ndi ndalama ya kombi, kaya wowasamalira watopa, kaya kunyumba kulibe mpando wamatayala, pamenepo aona kuti ndiwe munthu wa m'wodi. Ine ndimakonda wotere kuposa wa magiredi okongola amene alibe funso.

Wa ku Mufakose:
Zikomo mayi. Makadi a odwala ndili nawo ambiri, ndiyambe kutolera manambala?

Mayi a ku Hatfield:
Usayerekeze! Chilolezo choyamba: akuluakulu a chipatala, komiti ya ethics yoteteza odwala pa kafukufuku (ngati ndi UZ kapena chipatala cha Parirenyatwa, komitiyo ndi JREC), kenako MRCZ, bungwe la dziko loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Zimene watolera chilolezo chisanatuluke akhoza kuzikana zonse.

Mnzanu wa ku Mabvuku:
Kungowonjezera. Sukulu za pa intaneti zachuluka, ndiye musanalipire ngakhale dola imodzi funsani ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati pepalalo adzalivomereze. Satifiketi yanu yogwirira ntchito ya MRPCZ (bungwe lolembetsa ma physiotherapist kuno) isathe mphamvu muli pasukulu, ndipo ngati mukakhudze odwala ku South Africa, HPCSA, bungwe lawo lolembetsa azaumoyo, idzafuna mulembetse.

Wa ku Mufakose:
PTCAS ndatseka. Lolemba ndikapempha transcript. Mayi, ndikalemba masamba awiriwo mungandionereko ndisanatumize?

Mayi a ku Hatfield:
Tumiza ku inbox. Akapitirira awiri ndikubwezera.