Pie chart ikukana, mapelesenti apitirira 100

Wa ku Kabwata: Anzanga thandizeni msanga. Kasitomala akufuna infographic (chithunzi chofotokoza manambala) ya anthu ake omwe ali pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok, mawa m'mawa. Watumiza Excel, akuti pie chart (tchati chozungulira chogawidwa m'magawo) basi chifukwa abwana ake amakonda zozungulira. Ndikaphatikiza mapelesenti akupitirira 100. Pulogalamu yojambulira ya Canva ikujambula ndithu koma magawo ake sakugwirizana ndi manambala. Magetsi nawo apita, laputopu yatsala pang'ono kuzima. Nditani?

Wa ku Chelstone: Pie ayi akulu. Munthu mmodzi yemweyo ali pa Facebook, ali pa WhatsApp, usiku ali pa TikTok, ndiye mwamuwerenga katatu. Pie imafuna aliyense akhale m'gawo limodzi. Ikani bar chart (tchati cha mizere) yogona, mzere wautali pamwamba.

Wa ku Chilenje: Musanajambule kalikonse achimwene, afunseni manambalawo awatenga kuti. Ngati achokera mu Meta Business Suite, moonera manambala a tsamba la Facebook, onani ngati ndi reach kapena impressions. Reach ndi maakaunti omwe aona, impressions ndi kangati chinthucho chaonekera, ngakhale kwa munthu yemweyo. Musazisakanize. Chenjeraninso ndi za ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'Zambia, zambiri zimawerenga manambala a foni, pamene ambirife tili ndi Airtel ndi MTN m'foni imodzi. Mukagawa ndi anthu 19.6 miliyoni a m'Zambia a kalembera wa 2022 mudzalemba bodza dzina lanu lili pansi.

Wa ku Kabwata: Asisi, kasitomala akuti ndi kafukufuku wawo. Koma zozungulirazo sakusintha maganizo.

Wa ku Matero: Apatseni ma donut (ma pie obowoka pakati) atatu, iliyonse ndi 100 yakeyake. Aona zozungulira, inu simunaname.

Wa ku Chelstone: Atatu oyandikana diso silingayerekeze bwino. Bar.

Wa ku Matero: Bola asakhale mabwalo okula mosiyana. Chaka chatha kasitomala wina anatenga fayilo yanga n'kukoka bwalo la TikTok yekha kuti lioneke lalikulu. Ukachulukitsa m'lifupi kawiri, malo ake amakula kanayi. Anakaonetsa ku msonkhano, atafunsidwa anati wolakwa ndi wojambula. Kuyambira pamenepo ndimatumiza PDF yokha, fayilo ya Illustrator yomwe angaisinthe sindipereka.

Wa ku Chilenje: Ndipo gwero la manambala ndi mwezi zilembedwe m'munsi, zilembo zisachepe. WhatsApp imafinya zithunzi, timalemba tating'ono timangosanduka utsi. Tumizani ngati document. Chofiira ndi chobiriwira musaziike moyandikana, ena sazisiyanitsa.

Wa ku Chelstone: Ndipo mzere uyambire pa ziro. Ndanena kale, bar chart. Abwanawo sadzakhalapo anthu akamafunsa.

Wa ku Matero: Koma akulu a ku Kabwata, dipoziti apereka? Ntchito za "mawa m'mawa" zimenezi ndi zomwe zimavuta kulipira. Wanga uja ndalama yotsala mpaka lero.

Wa ku Chilenje: Kodi masiku ano infographic imodzi mukutchaja zingati, kusintha kukapitirira kawiri?