Chifukwa chiyani Lilongwe sali m'gulu la nyengo ya madera otentha?

Wophunzira wa Fomu 4:
Ndikuwerenga za magulu a nyengo monga anawagawira katswiri wa zanyengo Wladimir Köppen, ndipo pali chimene chandizunguza mutu. Dziko lonse la Malawi lili pakati pa mzere wa Ikweta ndi wa Capricorn, koma mapu akuonetsa kuti Lilongwe sali m'gulu A, la madera otentha, pomwe Salima ali momwemo. Kodi kusiyanaku kukuchokera pati, popeza malo awiriwa ndi oyandikana?

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Funso lanu ndi labwino. Köppen sanatengere pamene dera lili pa mapu, koma anayang'ana mwezi wozizira kwambiri pa chaka. Kuti dera lilowe m'gulu A, ngakhale mwezi umenewo uyenera kufika madigiri 18 mukawerengera usana ndi usiku pamodzi. Lilongwe ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mu Juni ndi Julaye amatsikira pansi pa mlingowo, pomwe Salima, amene ali m'chigwa cha nyanja pa mamita pafupifupi 500, satsika choncho. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse.

M'kati mwa gulu A muli timagulu totchedwa Af, Am ndi Aw, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mvula. Af, monga ku Singapore, mwezi uliwonse umalandira mamilimita 60 kapena kuposerapo, ndipo chilimwe kulibe. Am, monga ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, chilimwe chilipo koma mvula ya dzinja ndi yochuluka moti nkhalango siziuma. Aw ndiyo ya Salima ndi Mangochi: dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka miyezi yambiri yopanda dontho.

Wophunzira wa Fomu 4:
Zikomo aphunzitsi. Nanga chimabweretsa dzinjalo nchiyani?

Mlangizi wa zaulimi:
Ndiyankheko pamenepo, aphunzitsi akonza ndikaphonya. Pali lamba wa mitambo pamene mphepo za kumpoto ndi za kumwera zimakumana, ndipo lambayo amatsatira dzuwa. Akatsikira kumwera, ife timabzala chimanga. Akabwerera kumpoto, mvula imapita naye ku Nigeria ndi ku Sudan, kuno kukatsala mwera ndi chiperoni. Ine ndimaona kuti kwa mlimi zilembo za Köppen sizithandiza kwambiri, chifukwa Lilongwe ndi Salima amadikira mvula yomweyo. Kusiyana kumaonekera m'munda: ku Salima chinyezi chimauma msanga, ndiye timalangiza mbewu zocha msanga.