Kuphatikiza kafukufuku wa mRDT ya malungo: ndiyambire pati?

NaBanda_Area25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikusonkhanitsa mapepala a kafukufuku oyesa ngati mRDT, chida choyezera malungo mwachangu, imanena zoona. Ndingotenga sensitivity (gawo la odwala amene chida chimawapeza) ya pepala lililonse n'kupeza avereji?

Phiri_Labu:
Ayi achemwali, avereji ikusocheretsani. Pa pepala lililonse tulutsani manambala anayi: odwala amene chida chawapeza, odwala amene chawaphonya, opanda malungo amene chawanamizira, ndi opanda malungo amene chawamasula. Sensitivity ndi specificity (gawo la opanda malungo amene chida chimawamasula) zimakokerana, ina ikakwera inzake imakonda kutsika, ndiye zimawerengedwa pamodzi ndi njira ya masamu yotchedwa bivariate model ya Reitsma ya 2005, kapena inzake ya HSROC. Pulogalamu ya pakompyuta ya RevMan payokha siyichita masamu amenewa. Gwiritsani ntchito mada mu pulogalamu ya R kapena metandi mu pulogalamu ya Stata, koma metandi imafuna mapepala osachepera 4.

MayiGondwe:
Masamuwo abwere pambuyo, mwanawe. Yambani mwalembetsa protocol, ndondomeko ya ntchito yanuyi, ku kaundula wa pa intaneti wa PROSPERO, ndipo mapepala muzisankha anthu awiri, aliyense payekha, kenako n'kufananiza.

Pamene ambiri amagwa ndi pa QUADAS-2, mndandanda wa mafunso ounikira ngati pepala lililonse ndi lodalirika. Funsani kuti mRDT anaiyerekeza ndi chiyani. Ngati ndi maikulosikopu, woyang'ana silaidi akaphonya tizilombo tochepa, mlandu umagwera mRDT kuti yanama pomwe yanena zoona. PCR, njira ya mu labu yofufuza DNA ya tizilombo, imaona ngakhale tochepa kwambiri, choncho mapepala a PCR ndi a maikulosikopu musawaphike mumphika umodzi. Kumbukiraninso kuti HRP2, puloteni ya tizilombo imene mRDT zambiri zimafufuza, imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atamaliza LA, mzere wa pa mRDT umatulukabe iye atachira.

Onaninso amene anayezedwa. Mwana wogonekedwa ku Kamuzu Central thupi lili moto amakhala ndi tizilombo tambiri, chida sichivutika kumupeza. Mwana wosewera m'mudzi ku Mitundu wopanda chizindikiro ndi nkhani ina. Pepala lotenga odwalitsa mbali ino ndi athanzi ngwi mbali inayo limakometsa chida mopyola, ndipo ine sindilikhulupirira.

Chisale_Kawale:
Pofufuza mu PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo, musaike mawu oti sensitivity ngati sefa, chifukwa mapepala ambiri sawatchula pamutu kapena m'chidule ndipo amakudutsani. Lembani dzina la chida ndi la matenda basi. Yang'ananinso mu African Index Medicus ndi Malawi Medical Journal. Polemba lipoti tsatirani malangizo a kalembedwe a PRISMA-DTA a 2018.

NaBanda_Area25:
Zikomo nonse. Nanga pepala likangopereka maperesenti opanda manambala anayi aja?

Phiri_Labu:
Mukadziwa chiwerengero cha odwala ndi cha opanda malungo, bwererani chambuyo muwapeza. Zikakanika, alembereni eni kafukufukuyo imelo, musaganizire nokha.